APAMWAMBA A MU LUSAKA: MBIRI YA SUTI, SUKULU NDI MPANDA

Ku Zemba, m'dziko la Acewa la ku Chadiza kumene malire a Mozambique sali kutali, munthu wolemekezeka anali kudziwika kale popanda kufunsa. Anali mwini mbumba, amene alongo ake ndi ana a alongo ake anali kuthawirako pakagwa mlandu. Nkhokwe yake inali kufika pa cimanga catsopano isanaoneke pansi, ndipo mlendo sanali kugona ndi njala pakhomo pake. Pabwalo anali kulankhula potsiriza, ena onse atatha. Ulemu wake unali kukula pamodzi ndi imvi, ndipo panalibe sitolo imene munthu akanagulako ulemu wotere.

Koma mnyamata wa ku Zemba amene anakwera basi ya Thatcher Hobson m'zaka za m'ma 1950, nawoloka mlatho wa Luangwa, natsikira mu Lusaka fumbi lili mbuu m'tsitsi, anapeza kuti m'tauni anthu ayezana ndi muyeso wina. Kumeneko nkhalamba ya imvi inali kuitanidwa kuti "boyi" ndi kamwana ka Mzungu, ndipo mnyamata wodziwa kulemba pa taipi anali kupatsidwa mpando pamsonkhano, akulu ali ciimirire. Nkhani ya lero ilondola mbiri ya muyeso umenewo: amene anauika, m'mene unasinthira, ndi khomo limene mwana wa kumudzi ayenera kulowera kuti awerengedwe pakati pa anthu amene a mu Lusaka amawacha apamwamba.

Mzinda womangidwa ndi malire

Lusaka anayamba m'caka ca 1905 ngati kasiteshoni ka njanji, ndipo dzina lake linatengedwa kwa nyakwawa Lusaaka amene mudzi wake unali pafupi. Boma litaganiza zocotsa likulu ku Livingstone linaitana katswiri wa mapulani a mizinda, Professor S. D. Adshead, amene anapereka maganizo ake m'caka ca 1931, ndipo m'caka ca 1935 likulu linasamuka. Mzinda watsopanowo unaikidwa pa citunda ca kum'mawa kwa njanji, cimene anacicha Ridgeway, kumene kuomba kamphepo ndipo madzi sadikha m'dzinja monga acitira kumunsi ku Cairo Road. Pamenepo anamanga nyumba ya Bwanamkubwa, maofesi a Boma, ndi nyumba za akulu a Boma, iliyonse pakati pa yadi yaikulu ya kapinga ndi mitengo ya maluwa. Pambuyo pake kunadza Rhodes Park, Woodlands ndi Kabulonga. Mau akuti "kumayadi", amene anthu a mu Lusaka anena mpaka lero pochula kumene kukhala olemera, anabadwira m'mayadi amenewo.

Munthu wakuda anali kuwerengedwa ngati mlendo wodzagwira nchito, woyenda ndi citupa m'thumba, woti adzabwerera kwao mphamvu zikatha. Ophika ndi olima maluwa anali kugona m'kanyumba ka kuseri kwa yadi ya bwana wao. Ena anali kukhala m'nyumba zozungulira za udzu ku Kabwata, zimene zina mwa izo zasungidwa kuti anthu azionerapo mbiri. Lamulo la nyumba za anthu akuda la 1948 ndilo linabala Matero ndi Chilenje watsopano, kumene munthu wa pa nchito anatha kukhala ndi mkazi ndi ana m'nyumba ya njerwa.

Pamwamba pa zonse panali makalabu. Kalabu ya gofu inatsegulidwa m'caka comweco ca 1935, panali Lusaka Club, panali masewera a mpira wa pa akavalo, ndipo m'caka ca 1953 kunadza hotela ya Ridgeway. M'kalabu munthu sanali kulowa ndi ndalama zokha. Anafunika mamembala omucitira umboni kuti ali woyenera. Pakuti ngakhale Azungu sanali olingana okhaokha. Bwana wa Boma wocokera ku Britain anali kuona wamalonda ngati wocepa, ndipo wamalonda nayenso anali kupeputsa woyendetsa sitima ndi mlimi wa Cibunu. Khungu linali cipata coyamba, koma m'kati mwa cipataco munali zitseko zina.

Mwambo wa tayi ya sukulu

Zitseko zimenezo anadza nazo kucokera kwao. Ku England ana a mabanja olemera akhala akutumizidwa ku sukulu zogonera komweko za mtengo wapatali, monga Harrow ndi Eton, imene inayamba m'caka ca 1440, ndipo kucokera kumeneko apita ku Oxford kapena ku Cambridge. Ambiri mwa mabwana a m'maboma a Northern Rhodesia anadzera njira yotere. Ku America kulinso sukulu za mtundu womwewo, monga Groton ndi Phillips Exeter, zokonzera ana kulowa ku Harvard, Yale ndi Princeton, ndipo mwana wa ku sukulu zotere amamucha preppy, dzina locokera ku mau a Cingelezi onena za kukonzekera.

Anthu otere sadziwana ndi kung'anima kwa zovala. Kawirikawiri jekete yao ndi yakale, nsapato zao n'zosokedwanso, ndipo aseka munthu amene zonse zili pathupi pake n'zogula dzulo. Adziwana ndi kalankhulidwe, ndi tayi ya mizere ya sukulu yao, ndi masewera amene anaphunzira ali ana, ndi maina a aphunzitsi amene angachule pakudya. Cuma cingapezeke caka cimodzi, koma zinthu izi zifuna zaka khumi za ubwana, ndipo munthu wamkulu sangabwerere kukazigula. Mwambo umenewu unakopa ngakhale atsogoleri a mu Africa: Dr. Kamuzu Banda anamanga Kamuzu Academy ku Mtunthama m'boma la Kasungu m'caka ca 1981, naika Cilatini ndi Cigiriki pa maphunziro ake, kotero kuti anthu anaicha Eton wa mu Africa. Mu Lusaka wa Azungu ana ao anali ndi sukulu zaozao, monga Gilbert Rennie ya anyamata ndi Jean Rennie ya atsikana, zochedwa ndi maina a Bwanamkubwa wa 1948 mpaka 1954 ndi mkazi wake. Mwana wakuda sanali kupondamo, ngakhale akhale wanzeru cotani.

Suti, dansi ndi wailesi

Munthu woletsedwa kugula nyumba m'tauni, woletsedwa kulowa m'hotela, amene nyama anali kuilandirira pa kazenera ka kumbali kwa buchala, anatsala ndi malo amodzi oonetserapo kuti ndi munthu: thupi lake. Cifukwa cake zovala zinakhala nkhani yaikulu m'matauni onse a m'mbali mwa njanji. Godfrey Wilson, amene anafufuza za moyo wa anchito ku Broken Hill, ku Kabwe wa lero, m'zaka za 1939 ndi 1940, anapeza kuti ndalama zoposa theka za malipiro ao zinali kupita ku zovala. Anthu anali kusunga katundu wao m'mabokosi ku sitolo, naonjezamo pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi, kuyembekeza tsiku lopita kwao. Anapezanso makalabu a dansi ya Cizungu, kumene amuna a suti ndi akazi a madiresi aatali anali kupikisana usiku wa Loweruka.

Ku Luanshya m'caka ca 1951 Clyde Mitchell anapenyerera gule wa kalela, nalemba buku lake m'caka ca 1956. Ovina, amene anali Abisa, anali kuvala mathalauzi ositidwa bwino ndi nsapato zopukutidwa, mpango woyera uli kudzanja. Mfumu ya gululo inali ya suti, tayi ndi cipewa. Panalinso wina wovala ngati dokotala ndi mkazi wovala ngati nesi. Koma mwa ovinawo munalibe kalaliki kapena mphunzitsi. Anali anthu a nchito zamanja, amene Lamulungu masana anali kuvala ulemu umene masiku ena onse anali kuuonera patali.

M'caka ca 1954 Mitchell ndi A. L. Epstein anafunsa ophunzira 653 a m'sukulu zazikulu za pafupi ndi Lusaka kuti aike nchito 31 mumndandanda monga mwa ulemu wake. Pamwamba panakhala woyang'anira maphunziro, mbusa wa mpingo, mphunzitsi wa sekondale, insipekitala wa polisi ndi mkulu wa sukulu. Akalaliki anawaika patsogolo pa kapitao wa pansi pa mgodi, ndipo pansi penipeni panakhala wolima maluwa m'yadi ndi wotaya zonyansa za m'zimbudzi. Oyankhawo anali ana a sukulu, cotero sikodabwitsa kuti anakweza nchito zimene iwo eni anali kuziyembekeza. Komabe mndandandawo unaonetsa poyera kuti nchito ya kolala yoyera inali italanda ulemu wa khasu ndi nkhwangwa.

Nyumba ya munthu wotsogola inali kudziwika polowa. Munali tebulo la nsalu yoluka, mipando, makapu a tiyi osungira alendo, makina osokera, galamafoni, ndi njinga yotsamira kukhoma. Kuyambira m'caka ca 1949 munalinso wailesi ya Saucepan Special, yogulidwa mapaundi 5, imene madzulo inali kusonkhanitsa anansi kudzamva Alick Nkhata akuyimba kucokera ku nyumba ya wailesi ya mu Lusaka. Zonsezi munthu wosamala ndalama anatha kuzipeza. Koma akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere: ambiri a suti zokongola anali ndi nkhongole kwa Mmwenye, ndipo suti inali kuvulidwa Lolemba m'mawa. Cimene sicinali kuvulidwa cinali pepala la mayeso.

Khomo lopapatiza

Njira ya mwana wa ku Zemba yopita ku pepala limenelo inali yaitali ndi ya minga. Sukulu zinafika m'dziko la kum'mawa ndi amishoni. A Dutch Reformed Church anayamba ku Magwero m'caka ca 1899, ku Madzimoyo m'caka ca 1903, ndi ku Nsadzu, m'dera lomwelo la Chadiza, m'caka ca 1908. Sukulu za m'midzi zinali kuphunzitsa kuwerenga Cinyanja, katekisimu ndi masamu pang'ono, ndipo ana ambiri anali kulekera pomwepo. Anyamata akatha msinkhu anali kutsata akulu ao ku Salisbury, ku Wankie kapena ku Joni kukafuna ndalama ya msonkho, pakuti malo abwino ambiri a kum'mawa anali m'manja mwa kampani ya North Charterland kufikira Boma litawaombola m'caka ca 1941.

Wofuna kupitirira anayenera kukwera makwerero amene anali kucepa pa sitepe iliyonse: Sub A ndi Sub B, Standard 1 ndi 2 pafupi ndi kwao, Standard 3 ndi 4 patali, Standard 5 ndi 6 ku sukulu yogonera komweko. Pa sitepe iliyonse panali mayeso, ndipo panali fizi, bulangete, yunifomu ndi ndalama ya ulendo. Nthawi zambiri anali atsibweni amene anali kugulitsa mbuzi kapena thumba la nshawa, kapena mchona wa ku Salisbury amene anali kutumiza masheleni m'kalata. Mwana mmodzi wopita ku Standard 6 anali kusenzedwa ndi mbumba yonse.

Pamwamba pa makwererowo panali Munali. Sukulu imeneyi, yochedwa ndi dzina limene anthu anapatsa David Livingstone, inayamba maphunziro a sekondale mu Lusaka m'caka ca 1939, ndipo kwa zaka zambiri inali sukulu yokha ya Boma yotere ya anyamata akuda m'dziko lonse. Atsikana anayamba sekondale ku Chipembi, sukulu ya a Methodist, m'caka ca 1946, ndipo Akatolika anatsegula Canisius ku Chikuni m'caka ca 1949. Kucokera ku Fort Jameson, Chipata wa lero, kufika ku Lusaka ndi mamailosi pafupifupi 350, ndipo mnyamata wosankhidwa anali kucoka mudzi wonse utamuperekeza.

Ku Munali Mcewa anagona cipinda cimodzi ndi Mlozi, Mbemba ndi Mtonga, ndipo cinenero cowalumikiza cinali Cingelezi. Anaphunzira kumanga tayi, kutsutsana pa mtsutso popanda kukwiya, kumvera mapulifekiti ndi kusunga nthawi. Potuluka anali ndi setifiketi ya Cambridge, komanso anali ndi cinthu cina cimene sicinalembedwe pa pepalalo: anali kudziwa ndi dzina pafupifupi munthu aliyense wophunzira wa msinkhu wake m'dziko lonse. Umu ndimo mwambo wa tayi ya sukulu unamerera m'nthaka ya kuno. Panali kusiyana kumodzi kwakukulu ndi Eton: anyamata a ku Munali ambiri anali ana a alimi, a aphunzitsi a m'midzi ndi a alaliki, amene analowa ndi mayeso.

Akalaliki ndi a pansi pa mgodi

Kutsogola kumeneku kunabala zipatso za mitundu iwiri. Cipatso coyamba cinali utsogoleri. Aphunzitsi ndi akalaliki ndiwo anayambitsa mabungwe osamala za anthu m'matauni, amene Dauti Yamba anawagwirizanitsa m'caka ca 1946, ndipo m'caka ca 1948 cigwirizanoco cinasanduka Congress. Harry Nkumbula, amene anaphunzira ku Makerere ndi ku London, anakhala mtsogoleri wake m'caka ca 1951. Munthu wolankhula Cingelezi coposa ca wogulitsa nyama, koma woimirira padzuwa pa kazenera, anali kumva cipongweco koposa, ndipo m'caka ca 1954 Congress inatsogolera anthu a mu Lusaka kuleka kugula m'mabuchala a tsankho. Lamulo lotsegula mahotela, malo odyera ndi nyumba za kanema kwa mitundu yonse linadza m'caka ca 1960.

Cipatso caciwiri cinali mpatuko. Omvera a ku migodi adziwa bwino nkhani imeneyi. Bungwe la anchito a m'migodi linayamba m'caka ca 1949 motsogozedwa ndi Lawrence Katilungu, ndipo poyamba akalaliki ndi a pansi pa mgodi anali pamodzi. Koma m'caka ca 1953 akalaliki ndi ena a maudindo anayamba bungwe laolao, la Mines African Staff Association, ndipo makampani anakondwera nalo. Olipidwa pa mwezi anapatulidwa kwa olipidwa pa tikiti, napatsidwa nyumba zabwinopo. Anthu a tikiti anaona kuti ophunzira awasiya pa njira, ndipo mkangano umenewu ndiwo unautsa masitalaka otsatizana a m'caka ca 1956, mpaka Boma linalengeza za ngozi ku migodi ndi kugwira atsogoleri a bungwe la anchito. Kuyambira pamenepo funso linakhala m'mitima ya anthu: kodi wophunzira akakwera, akwera ndi anzake kapena akwera yekha?

Kusamukira kumayadi

Pa 24 October 1964 Zambia inalandira ufulu ili ndi anthu pafupifupi 100 okha a madigiri, ndi ena pafupifupi 1,200 otsiriza sekondale, m'dziko la anthu oposa mamiliyoni atatu. Kenneth Kaunda, amene anaphunzira ku Munali kuyambira 1941 mpaka 1943, anali atakhala m'nyumba ya nambala 394 ku Chilenje kuyambira 1960 mpaka 1962. Tsopano analowa m'nyumba ya Bwanamkubwa. Pa nduna zake zoyamba panali anyamata akale a ku Munali ambiri: Reuben Kamanga ndi Grey Zulu a kum'mawa, Arthur Wina ndi Sikota Wina, Elijah Mudenda, Mainza Chona, Peter Matoka ndi John Mwanakatwe. Cipata ca khungu cinagwa, ndipo cipata ca setifiketi cinatsala cokha.

Zaka zimenezo munthu wa pepala anali kufunidwa ngati mvula. Wa zaka zosafika 30 anali kupatsidwa ofesi, galimoto ndi nyumba ku Woodlands kapena ku Kabulonga, nalowa m'kalabu imene atate ake akanalowamo ndi thireyi m'manja. Akazi a atsogoleri ena anapita ku Mindolo, ku Kitwe, kukaphunzira kulandira alendo ndi kusamala nyumba ya Cizungu. Boma litatenga gawo lalikulu m'makampani, monga linalengezera ku Mulungushi m'caka ca 1968, ndi m'migodi, monga linalengezera ku Matero m'caka ca 1969, kunabadwa mtundu wina wa akulu: mamanijala a Indeco ndi Zimco. Anthu a m'makomboni, poona magalimoto akuda akudutsa, ndiwo anawapatsa onsewa dzina lakuti apamwamba.

Kaunda anaona ngozi yake. M'caka ca 1967 analengeza ciphunzitso ca Humanism, coika munthu patsogolo pa cuma, ndipo m'zaka zoyamba za m'ma 1970 kunadza malamulo oletsa atsogoleri kukhala ndi mabizinesi kapena nyumba zobwereketsa. Iye mwini anasiya tayi, navala suti yopanda tayi imene inatenga dzina lake. Koma lamulo lingaletse munthu kugula sitolo; silingamuletse kulankhula Cingelezi ndi ana ake pa tebulo. Sukulu zimene zinali za Azungu zinatsegukira onse, Gilbert Rennie ndi Jean Rennie zinasanduka Kabulonga Boys ndi Kabulonga Girls, ndipo oyamba kulowamo anali ana a okhala pafupi. Kuyambira m'caka ca 1966 Cingelezi cinakhala cinenero cophunzitsira kuyambira kalasi yoyamba, ndipo cinakhala cotero zaka zambiri; mwana wa kumayadi anali kufika naco kucokera kunyumba, pamene mwana wa ku Zemba anali kukumana naco koyamba pa bolodi.

Ngakhale zinali tero, zaka zimenezo ndizo khomo linatseguka koposa. Mwanakatwe, nduna yoyamba ya maphunziro, anatsogolera nchito yomanga sekondale m'maboma a dziko lonse, ndipo Chadiza nayenso anakhala ndi yake. University of Zambia inatsegulidwa m'caka ca 1966, anthu wamba atasonkha ndalama, nkhuku ndi mbuzi. Mwana wa mlimi anali kuphunzira, kudya ndi kugona pa ndalama za Boma. Madokotala, maloya ndi mainjiniya ambiri amene ali ndi imvi lero anadzera pa khomo limenelo opanda nsapato.

Ndalama ilonda pakhomo

Mtengo wa kopa unagwa m'caka ca 1975, ndipo cuma ca Boma cinayamba kuphwa. Mabuku anasowa m'sukulu, madesiki anathyoka osakonzedwa, aphunzitsi ambiri anapita ku maiko ena, ndipo m'zaka za m'ma 1980 makolo anayambanso kulipira. Amene anali ndi ndalama anacotsa ana ao. International School of Lusaka inalipo kuyambira 1963. Kampani ya migodi inatsegula Mpelembe ku Kitwe m'caka ca 1983. Kunadza American International School m'caka ca 1986, Chengelo ku Mkushi m'caka ca 1988, ndi Baobab College m'caka ca 1994. Ena anatumiza ana ku Zimbabwe, ku South Africa ndi ku England.

Nthawi yomweyo suti inataya mphamvu yake. Salaula itadzaza misika, jekete yosokedwa ku London inafika m'manja mwa kondakitala wa basi, ndipo palibenso amene akanadziwa wapamwamba poyang'ana kolala. Cotero zizindikiro zinasamukira ku zinthu zimene sizipezeka pa mulu wa salaula. Mpanda wa maluwa unasanduka khoma la njerwa, la waya wamagetsi pamwamba ndi mlonda pacipata. Olemera anatambalala kum'mawa, ku Ibex Hill ndi ku Leopards Hill. Manda Hill itatsegulidwa m'caka ca 1999 ndi Arcades m'caka ca 2003, ana ao anapeza pokumanira posafuna kuponda matope a ku Soweto Market.

Wapamwamba wa mu Lusaka wa lero adziwika ndi zinthu zinai. Coyamba ndi kumene agona. Caciwiri ndi sukulu imene anaphunzira ndi imene aphunzira ana ake, pamodzi ndi mayeso akunja amene alemba ndi masewera amene asewera, monga kusambira, gofu ndi kukwera akavalo. Cacitatu ndi lilime: Cingelezi cotuluka mosakakamiza, ndi Cinyanja cosungira mlonda ndi wogulitsa tomato. Cacinai, cimene ciposa zonse, ndi anthu amene angawaimbire foni nayankhidwa. Wolemera wa dzulo angagule coyamba mawa lomwe, koma zitatu zinazo adzazigulira ana ake okha. Apa Lusaka wafanana ndi London ndi Boston: cipata cinayamba ndi khungu, cinasanduka mayeso, ndipo tsopano pa mayesopo paima ndalama.

Kubwerera ku Zemba

M'caka ca 2022 Boma linacotsa fizi m'sukulu zake kufikira kumapeto kwa sekondale, ndipo ana ambiri amene anali atakhala pansi anabwerera m'makalasi. Ici ndi cinthu cacikulu kwa mayi wa ku Zemba amene cuma cake cili m'munda wa cimanga, nshawa ndi soya. Koma kulowa m'kalasi ndi ciyambi cabe ca ulendo. Mnyamata wa 1950 akapambana mayeso anali kukakhala pa desiki limodzi ndi amene adzalamulira dziko. Mdzukulu wake akapambana lero apeza kuti ana a olamulira ali kuseri kwa khoma lina, alemba mayeso ena, ndipo adzakumana nao koyamba tsiku lofunsira nchito. Mzinda umene akulu ake sanaphunzire pamodzi ndi ana a alimi uiwala msanga kuti msewu wa ku Chadiza umakhala wotani m'dzinja.

Mu Lusaka malire atsata munthu mpaka kumanda. Azungu anali ndi manda ao a Aylmer May ku Rhodes Park. Lero osauka ambiri apita ku Chingwere, ndipo a ndalama agula malo a kapinga ku Leopards Hill Memorial Park. Ku Zemba manda ndi amodzi, adzukulu okumba ndi omwewo, ndipo galimoto zocokera ku tauni ziima pansi pa mtengo umodzi ndi njinga. Pa maliro otere bwana wa ku Kabulonga avula cipewa, nakhala pansi kumbuyo kwa atsibweni ake, ndipo anthu a m'mudzi amuyeza ndi muyeso wao wakale. Sawerenga zipinda za nyumba yake, pakuti sanazione. Awerenga ana a alongo ake amene iye anawalipirira sukulu, monga mbumba inamulipirira iye, pokumbuka mau a akulu akuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukacenjera manja udya naye.